Tsiku Limene Ada Longwe Anadula Waya

Ada Longwe tinawaika Loweruka lapitali kumanda a kwawo kumtunda kwa Bandawe, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi. Si imfa yokhayo ayi. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, wodwala shuga, akatisiya timalira koma sitidabwa. Chikundiwawa ine ndi zimene ndinamva pamanda paja.

Abusa atatsiriza, woyendetsa mwambo anaitana woimira loji imene malemu ankagwirako ntchito. Anaimirira a Mwale, manijala wathu, atavala suti yakuda, nkhata ya maluwa ili m'manja. Anati loji yataya mzati. Anati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo Ada Longwe ndiwo anawaphunzitsa kuti moyo wa mlendo umaposa china chilichonse. Anafika mpaka popukuta m'maso. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi anzanga, ndipo ndinachita kuluma nsonga ya chitenje kuti ndisakuwe. A Mwale omwewo ndi amene anawachotsa ntchito Ada Longwe zaka zitatu zapitazo, ine ndikuona ndi maso angawa, pa nkhani yomweyo ya moyo wa alendo. NyaManda, mkazi wa malemu, sanadzutse mutu. Itakwana nthawi yoika nkhata, ananong'oneza mwana wawo wamkulu, ndipo nkhata ya loji inaikidwa pambali, patsinde pa mtengo, osati pamtumbira.

Ine ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita pa loji ina ya kuno ku Chintheche. Dzina lake sinditchula, poti ndikugwirabe pomwepo. Kwathu ndi ku Dedza. Kuno bambo wamkulu amamutchula kuti Ada, ndipo mkazi amamuitana ndi mfunda wake, choncho kuyambira tsiku loyamba iwo ankandiitana kuti NyaPhiri. Kachipinda kawo ka zipangizo kanali kogundizana ndi kochapira kanga, khoma lake losafika kudenga. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkamva chilichonse chimene ankalankhula, ngakhale pamene ankakalipira sikulu imene yakana kumasuka.

Anali wamtali, wowonda, woyenda mofulumira ngati wachedwa kwinakwake. M'thumba la malaya, momwe anzawo amaikamo cholembera, iwo ankaikamo tesitala, kachitsulo kaja kamene kamayaka kakakhudza magetsi. Ngakhale tsiku la Mgonero, ali pamzere wa akulu a mpingo atanyamula mbale, kanali kali pomwepo. Akamagwira waya, dzanja limodzi ankaliika kumbuyo ngati mwana wa sukulu wolakatula ndakatulo. Ankati magetsi akalowera dzanja ili n'kutulukira linalo, njira yake ndi pamtima. Chitsulo chilichonse chokayikitsa ankachikhudza ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa chikhatho chikagwidwa chimafumbata ndipo sichisiya. Ankakondanso kunena kuti magetsi si njoka, poti njoka imayamba yaopseza, pomwe magetsi amangokhala phee ngati chingwe choyanikira zovala.

Ntchitoyi anaiphunzira ku migodi ya ku Zambia, komwe anakhala zaka zambiri asanabwerere kwawo. Za kumeneko sankakonda kukamba. Ndi NyaManda amene anandiuza, tsiku lina tikusenda chinangwa, kuti mnzawo wa pamtima anafera pafupi nawo, ataima m'madzi ofika m'akakolo, nyale ya waya ili m'manja. Ada Longwe ndiwo anathamanga kukazimitsa, koma posinthirapo panali patali. Chichokereni kumeneko, akalowa m'nyumba ya munthu aliyense, asanapereke n'komwe moni, maso awo ankayamba afunafuna pozimitsira magetsi.

Sindikufuna kuwapaka mafuta chifukwa amwalira. Anali munthu wovuta. Sankadziwa kudzudzula mofatsa, ndipo mawu oti pepani ankawatuluka movutikira ngati dzino la kumapeto. Anakanganapo ndi asodzi a usipa pagombe chifukwa choika mabatire a nyale zawo pansi pa bwato, m'madzi, mawaya atangopotokola ndi mano. Anawatchula ana opanda amawo, ndipo kwa mwezi wathunthu palibe anawagulitsa nsomba. Anakanganapo ndi achinyamata a kwaya atapeza kuti fyuzi ya zokuzira mawu itapsa anaikamo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Anazula pulagi yonse n'kuiika m'thumba, ukwati wa mwana wa mkulu mnzawo n'kuimbidwa ndi pakamwa pokha. Ineyo ananditengera ayironi sabata imene loji inadzaza, ati chingwe chake chasupuka pafupi ndi chogwirira. Ndinawapempha kuti angokulunga tepi ndimalize kaye.

“Viyo cha, NyaPhiri,” anatero m'Chitonga chawo, kutanthauza kuti zimenezo ayi. “Tepi ndi yobisira, si yokonzera.”

Masiku awiri ndinasita nsalu zonse za pabedi ndi simbi ya makala, misozi ili m'maso ndi utsi ndi mkwiyo womwe. Tsiku lachitatu ndinapeza ayironi ili patebulo, ili ndi chingwe chatsopano chokhuthala. Ine sindinathokoze.

Telesikopu, chipangizo choonera mwezi ndi nyenyezi, inabwera ndi mwini loji, mayi wina wa kunja amene amafika kawiri pachaka. Inali m'makatoni atatu. Lina munali chimpope chachikulu choyang'aniramo, lina miyendo itatu yachitsulo, lina mutu wolemera umene umakhala pakati pa miyendo ndi chimpopecho. Mutuwo ndiwo unali nkhani. Uli ndi timamota m'kati, ndipo ukauloza pa mwezi kapena pa nyenyezi umazungulira wokha pang'onopang'ono kutsatira, kuti chimene ukuonacho chisathawe. Kuti uzungulire umafuna magetsi, koma ochepa, mavoliti khumi ndi awiri, ofanana ndi a batire la galimoto. Vuto linali lakuti malo abwino oonera kumwamba anali pakati pa kapinga, kutali ndi nyumba zonse, pambali pa kanjira kochokera kugombe.

Ada Longwe anatenga kabuku kake n'kukhala nako masiku awiri, magalasi ali pamphuno. Kenako mayi uja anabwera m'kachipinda kawo, ine ndikusita kuseri kwa khoma. M'katoni munali kabokosi kakuda kolumikizira ku soketi ya m'nyumba, kamene kamatsitsa magetsi aakulu kukhala aang'ono, ndipo mayiyo ankaganiza zongokoka waya wautali kuchokera ku bala, komwe alendo amagula zakumwa. Ada Longwe anakana. Anati kabokosiko kanapangidwira patebulo la m'nyumba, osati pa udzu wa kunyanja kumene mame amagwa ngati mvula. Anati mbali imodzi ya kabokosiko ndi yofatsa, koma mbali inayo, pamodzi ndi waya yense wochokera ku bala, ndi magetsi opha munthu, ndipo ana ochokera kosambira amadutsa pomwepo opanda nsapato. Anawonjeza kuti magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu, monga amachitira, mutu wodulawo udzapsa kamodzi n'kamodzi.

Mayiyo anafunsa za jenereta yaing'ono. Iwo anati imeneyo imapuma mokweza ndi motsitsa ngati munthu wa chifuwa, ndiponso idzagwedeza nthaka ndi kudzaza alendo utsi. Anafunsa zoimika galimoto ya loji pafupi n'kutapa ku batire lake. Iwo anaseka, kuseka kwawo kwa kamodzi pamwezi, n'kunena kuti dalaivala akadzangoliza injini mawaya ali chilumikizire adzatentha zonse, ndipo akapanda kuliza m'mawa mwake galimoto idzafuna yokankha.

“Nanga tichite bwanji, bambo Longwe?”

“Mundipatse batire limodzi la sola, lotsekeratu lija losatayika asidi, ndi matabwa anayi. Zotsalazo musiyire ine.”

Anakhoma bokosi la matabwa a paini, la timiyendo tinayi kuti lisagunde pansi, la zogwirira za chingwe, la timabowo m'mbali kuti mpweya uzituluka. M'kati, pafupi penipeni ndi mutu wofiira wa batire, anaika fyuzi, kuti waya akadzapsa kapena kugundana, chowonongeka chikhale fyuziyo osati china. Pulagi yolowa ku telesikopu anaisema moti singalowe chozondoka, ndipo anaipakabe utoto wofiira mbali imodzi, ati chifukwa munthu wofulumira amatha kukakamiza ngakhale chosalowa. Masana bokosilo linkadya dzuwa kuseri kwa khitchini, madzulo anthu awiri ankalinyamula kupita nalo pakapinga. Silinali lokongola. Linkaoneka ngati loikiramo nkhuku yofungatira. Koma kwa zaka ziwiri telesikopu inayenda osadodoma, ndipo magetsi akathima loji yonse ili mumdima, alendo pakapinga ankapitiriza kuona mwezi osadziwa n'komwe.

Iwo eni za nyenyezi analibe nazo chidwi kwenikweni. Tsiku loyamba tonse ogwira ntchito tinaima pamzere kusuzumira. Itafika nthawi yawo anawerama, n'kuyang'ana zigwa za pamwezi kanthawi ndithu. Ataweramuka anangoti, “Yewo, Chiuta,” ndiye kuti zikomo Mulungu, basi n'kugwada kukagwira mawaya ngati atentha.

A Mwale anabwera m'chaka chachitatu. Ndi munthu wophunzira, wa mapepala a za mahotela, ndipo zina anakonzadi, ndisaname. Koma chilichonse ankachiona ndi diso la chithunzi. Chimene sichikanaoneka bwino pa foni chinalibe malo pa loji. Bokosi la Ada Longwe analida tsiku loyamba lomwe. Kawiri konse analamula kuti lichoke, kawiri konse Ada Longwe anawayankha kuti likachoka bokosi ichokenso telesikopu. Pamsonkhano wa ogwira ntchito a Mwale ananena, osatchula dzina, kuti pali anthu ena amene akuganiza kuti loji ndi ya agogo awo, ndipo aliyense wowaikira kumbuyo adziwe kuti pageti pali makalata ambiri a ofuna ntchito. Tonse tinamva.

Tsiku lenilenilo linali Loweruka, nthawi ya tchuthi cha sukulu, mwera ukuwomba. Loji inadzaza ndi mabanja a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mwezi unali wa theka, woonekera masana, ndipo a Mwale anakonza zoti cha m'ma folo koloko ana onse aime pamzere kuyang'ana mu telesikopu, wojambula ali pompo. Kuti kapinga aoneke wobiriwira, anauza wosamalira maluwa kuti athirire kuyambira m'mawa. Ada Longwe anawatuma kukakonza pampu ya madzi kumunsi kwa mpanda, ntchito ya tsiku lonse. Atangopita, bokosi linakankhidwira m'sitolo, ndipo kabokosi kakuda kaja kanatulutsidwa m'katoni momwe kanagona zaka zonsezi.

Waya mmodzi sanafike. Analumikiza atatu. Awiri anali ndi mapulagi, koma wachitatu analibe, ndiye anangosenda nsonga, n'kupotokola, n'kukulunga ndi jumbo ndi mphira ya chubu. Mfundo imeneyo inagona pa udzu wonyowa, phazi limodzi kuchokera pa kanjira.

Ine anandituma kukayala nsalu yoyera patebulo la zakumwa pafupi ndi telesikopu. Udzu unali wonyowa kwambiri moti ndinavula nsapato n'kuzisiya pa simenti. Waya ankadutsa pomwe mwendo wa tebulo unayenera kukhala, ndiye ndinawerama kuti ndimusunthe pang'ono. Ndinagwira pafupi ndi jumbo paja. Chimene ndinamva sindidzaiwala. Zinali ngati wina wandimenya ndi mpini pachigongono, mano anagundana, ndipo ndinapezeka ndakhala pansi, nsalu ili pamiyendo. Mwayi wake ndinali ndisanafumbate. Ndinayang'ana uku ndi uku. Palibe anaona. Kugombe ana anali akutuluka m'madzi, amayi awo akuwaitana kuti nthawi yakwana.

A Mwale anali pa bala, mayadi ochepa chabe. Sindinapite kwa iwo. Ndinaopa. Ndinathamanga chopanda nsapato mpaka ku pampu.

Ada Longwe anandimvetsera osandidula. Anatenga dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana zala. Anafunsa ngati mtima ukugunda bwino.

“Pitani kochapira mukakhale pansi, mumwe madzi. Musauze munthu. Mwamva, NyaPhiri? Inu simunagwire kanthu.”

Sindinapite kochapira. Ndinawatsatira chapatali. Ndinali ndisanawaonepo akuthamanga, koma tsiku limenelo anathamanga, bambo wa imvi, ovolosi ili yonyowa mpaka m'mawondo. Atafika pakapinga ana oyamba anali atayamba kale kukwera kanjira, matupi akudontha madzi. Anaima pakati pa kanjirako atatambasula manja, n'kukuwa kuti aliyense aime pomwe ali. A Mwale anabwera akumwetulira kumwetulira kwa pamaso pa alendo.

“Madala, chavuta n'chiyani? Pampu ija mwamaliza?”

“Zimitsani ichi. Tsopano lino.”

“Tikambirana mu ofesi. Pano pali alendo.”

“Ndi alendo omwewo ndikunena. Zimitsani.”

“Mwakalamba, Ada. Zinthu izi zinapangidwa ndi anthu odziwa kuposa inu. Bwererani ku pampu.”

Apa ndi pamene Ada Longwe analakwa, ngati kunali kulakwa. Ananena mokweza, alendo onse akumva, kuti mapepala a sukulu a bwanayo sadziwa kuti madzi ndi onyowa, ndi kuti mwana wa munthu akafera pano iwo sadzathandiza kunyamula. Anauza wosamalira maluwa kuti aime pakanjira asadutse aliyense. Kenako anapita kuseri kwa khitchini, n'kuzimitsa magetsi a loji yonse, n'kukhoma loko, kiyi n'kuika m'thumba. Nyimbo za pa bala zinaduka, mafiriji anasiya kulira. Anabwerera pakapinga, n'kugwada pa mfundo ija, n'kuikhudza ndi tesitala kuti atsimikize kuti yafa. Atatero anatulutsa pulayazi n'kuyamba kudula. Sanadule pamodzi. Anayenda ndi wayayo kuchokera pa telesikopu mpaka ku bala, akudula pa mkono uliwonse, kuti pasapezeke wina womulumikizanso iwo akatembenuka. Zidutswazo anazisonkhanitsa ngati nkhuni n'kukaziika patebulo langa lija. Mfundo ya jumbo anaimasula pamaso pa a Mwale, madzi n'kutsika m'menemo kudontha pa nsapato zawo. Atatha zonsezo anakayatsa magetsi n'kubwerera ku pampu kukamaliza ntchito.

Palibe mwana anavulala. Ndipo ndi chimenechi chinawapweteka Ada Longwe. Akanachedwa pang'ono, mwana wa bwana wina wa ku Lilongwe akanagwa pa udzu paja, bwenzi dzina lawo likutchulidwa ndi ulemu kuti paja ananena. Koma poti anafulumira, panalibe choonetsa. Panali chabe alendo okhumudwa, ayisikilimu wosungunuka, mawaya atatu oduladula, ndi manijala wochititsidwa manyazi.

Mlandu unakambidwa Lolemba mu ofesi. Mwini loji anali kwawo kunja, ankalankhula pa foni imene inaikidwa pakati pa tebulo. Ine anandiuza kuti ndibweretse tiyi, ndipo nditaika makapu ndinaima pakona ndi thileyi, poti palibe anandiuza kuti ndituluke. A Mwale anawerenga milandu itatu: kuwononga katundu, kuzimitsa magetsi loji itadzaza, ndi kunyoza mkulu wa ntchito pamaso pa alendo. Za jumbo sanatchule. Ada Longwe anafotokoza mbali yawo mwachidule, mouma, ngati akuwerenga mita. Kenako mayi uja anafunsa funso limodzi.

“Kodi alipo amene anagwidwa ndi magetsi?”

“Palibe ndi mmodzi yemwe,” anatero a Mwale.

Ada Longwe anayang'ana pansi. Sanayang'ane kumene ndinaima, ngakhale pang'ono. Chigongono changa chinali chikuwawabe. Ndikanangotsegula pakamwa n'kunena mawu atatu. Ndinaganiza za ana anga ku Dedza, ndinaganiza za makalata a pageti, ndipo ndinakhala chete.

Mayiyo sankafuna kuwataya. Anati nkhani ithe ngati bambo Longwe alemba kalata yovomera kuti analakwitsa ndi kupepesa. Ada Longwe anati, “Mawu aja ndinalankhula ndikhoza kubweza, anali olemera. Koma kulemba kuti kudula waya uja kunali kulakwa, ndiye kuti mawa wina amuyalanso. Dzanja langa silingalembe zimenezo.” A Mwale anati pamenepo ndiye asankhe mayiyo, manijala kapena wokonza magetsi. Mayi uja anati akudandaula kwambiri, koma asankha manijala.

Ada Longwe anachoka tsiku lomwelo. Anatsuka zipangizo za loji chimodzichimodzi, n'kuzipachika m'malo mwake, n'kupereka makiyi. Zawo zinakwana m'kachikwama kamodzi pa kaliyala ya njinga. Ife tonse, anthu oposa makumi awiri amene anatikonzera mawailesi ndi mafoni kwaulere zaka zonsezo, tinapeza chochita chotitanganitsa. Palibe anawaperekeza ngakhale pageti.

Tsopano imvani ichi. Pasanathe milungu itatu, bokosi lija linatuluka m'sitolo. A Mwale anaitanitsa wa magetsi wina kuchokera ku Mzuzu kuti adzayale waya wabwino, ndipo munthuyo atangoona kapinga ndi kanjira anafunsa ngati palibe batire. Analipaka utoto woyera bokosi la Ada Longwe, n'kujambulapo chizindikiro cha loji, n'kuikamo batire latsopano. Mpaka lero ndi limene likuyendetsa telesikopu. Ndawamva ndi makutu anga a Mwale akuuza alendo kuti pa loji pano tinaganiza zogwiritsa ntchito dzuwa pofuna kuteteza ana ndi chilengedwe. Tinaganiza! Mwini loji atabwera anayamikira nzeru imeneyo. Palibe anakwera galimoto kupita ku Bandawe, ulendo wosakwana theka la ola, kukauza mwini nzeruyo kuti bwererani, kapena kungoti munanena zoona.

Ine ndinapitako patatha miyezi inayi, nditanyamula kathumba ka mpunga wa ku Limphasa, chifukwa chimanjamanja sindikanatha. Ndinawapeza pakhonde, atazunguliridwa ndi mabatire a asodzi omwe aja anawatukwana, tsopano akuwatchajira ndi sola ya padenga ndi kuwaikira mafyuzi, afune asafune. Anali ataonda. Ndinagwada n'kuyamba kulira ndisanamalize moni. Ndinati ndinawapereka, ndinati ndikadalankhula bwenzi ali pantchito.

“Mukanalankhula akanachotsa awiri,” anatero. “Ndiponso tamverani, NyaPhiri. Kodi waya amakhala woipa pokhapokha munthu atagwa? Waya uja anali woipa musanamugwire. Ngati sanathe kumva zimenezo popanda kuona dzanja lanu, ndiye kuti sakanamva.”

Ndinawauza za bokosi, ndikuyembekeza kuti akwiya. Anangofunsa ngati utotowo sunatseke timabowo ta mpweya, ndi ngati wa ku Mzuzu uja sanachotse fyuzi. Ndinati sindikudziwa. Apo ndiye anakwiya. Anatenga fyuzi ziwiri, yabwino ndi yakupsa, n'kundionetsa kusiyana kwake poyang'anitsa kudzuwa. Anandilamula kuti Loweruka lililonse ndizitsegula bokosilo, ndione fyuzi, ndione ngati mitu ya batire yachita zoyera, ndione kuti silinaikidwe pa madzi. Timabowo ndinakapezadi totsekeka, ndipo ndinatiboola ndi msomali. Ndimachitabe zimenezi, mobisa, ngati ndikuba.

Ndiye ndikamva munthu akunena pamanda kuti anaphunzira, ndimafuna kumufunsa kuti anaphunzira liti, ndipo bwanji sanapite kukanena mphunzitsiyo ali ndi makutu. Zaka zitatu Ada Longwe anayenda m'misika ya Chintheche ndi dzina la mdala wamisala amene anaduladula mawaya a azungu. Ana ankawakuwiza. Ku mpingo ena anafunsa ngati munthu wochotsedwa ntchito chifukwa cha mwano ayenera kukhalabe mkulu. Zonsezo anazisenza, ndipo kalata imodzi ya mizere itatu yochokera ku loji ikanazichotsa. Maluwa aja anagulidwa ku Mzuzu, anabwera pa galimoto ya loji. Galimoto yomweyo inalipo zaka zitatu zonsezi.

Dzulo ndinapita kukaona NyaManda. Anthu a maliro abalalika, pabwalo patsala phulusa ndi mitengo ya chisakasa. Khonde lija palibe wakhudza. Thabwa lalitali likadali pa njerwa zake, ndipo pamwamba pake pali mabatire asanu ndi limodzi, lililonse lili ndi kapepala ka dzina la mwini wake m'zilembo zawo zopendekera. Eni ake akuchita manyazi kubwera kudzatenga msanga. Mawaya awiri otsika kuchokera padenga apachikidwa pa misomali iwiri yotalikirana, wofiira uku wakuda uko, monga anawasiyira m'mawa umene anapita kuchipatala. NyaManda akuti m'nyumba monse palibe akudziwa kuti ayambire pati kumasula, ndiye angowauza adzukulu kuti azidutsa kuseri. Pa zenera pali chitini cha mafyuzi akupsa amene sankataya, ndi magalasi awo, mwendo umodzi womangidwa ndi waya wa kopa. Kampando kawo kafupi kali pomwe kankakhala, kutsamira khoma. Nkhuku, zimene sankazilola kuponda pakhondepo ngakhale tsiku limodzi, zakumba dzenje pansi pake, ndipo ndinapeza ziwiri zikusamba fumbi.